Umoyo wa Banja ku Murdoch: Zochiza Pakhomo ndi Zopita Nazo Kuchipatala

Kabuku aka ndi ka mabanja olankhula Chichewa amene akukhala ku Murdoch ndi m'madera oyandikana nawo monga Kardinya, Winthrop, Bull Creek ndi Leeming, kum'mwera kwa mzinda wa Perth. Ena munabwera kudzaphunzira pa Murdoch University, ena mumagwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, ena munabwera kudzalera zidzukulu. Matenda ambiri amene tikukamba muno mumawadziwa kale. Chimene chasintha ndi nyengo, tizilombo ta kuno, ndiponso khomo limene munthu amagogoda akadwala. N'chifukwa chake zina zimene tinazolowera ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete kuno sizithandiza, ndipo zina n'zoopsa kumene.

Khomo loyamba kugogoda

Mukatsika sitima pa siteshoni ya Murdoch, zipatala ziwiri zikuluzikulu zili pafupi pomwepo: Fiona Stanley Hospital, cha boma, chimene chinatsegulidwa mu 2014 ndipo chili ndi mabedi 783, ndi St John of God Murdoch, cholipira. Munthu amene anakula akuyenda mtunda wautali kukafika kuchipatala amaona ngati walemera, ndipo mwana akangotsokomola amathamangira komweko. Kumeneko n'kudzivutitsa. Ku chipinda cha matenda adzidzidzi satsata amene wafika poyamba. Namwino amaika odwala m'magulu asanu malinga ndi kukula kwa vuto, choncho wa chimfine angakhale pampando maola ambiri akuona anzake obwera pambuyo akulowa. Si tsankho ayi, ndi mmene amagwirira ntchito.

Dokotala wa tsiku ndi tsiku kuno ndi GP. Mumapangana naye nthawi pafoni kapena pa intaneti, ndipo ndi iye amene amalemba mankhwala, kutumiza magazi kukapimidwa, ndi kukulemberani kalata ngati pakufunika katswiri. Sankhani mmodzi, kapena kiliniki imodzi, muzipita komweko banja lonse kuti mbiri yanu isamwazike. Musanapite funsani ngati amachita bulk billing, ndiye kuti Medicare, inshuwalansi ya boma, imalipira zonse. Kwina mumawonjezera zanu pamwamba. Ophunzira ochokera kunja alibe Medicare koma inshuwalansi ya OSHC, ndiye azisunga malisiti onse kuti akabwezeredwe gawo la ndalama zawo. Pa sukulu ya Murdoch pomwepo pali kiliniki ya ophunzira. Kwa bala lofunika kusoka, kubinya, kapena khutu lopweteka Loweruka madzulo, kuli ma Medicare Urgent Care Clinic, kumene mumangolowa osapangana nthawi, ndipo okhala ndi khadi la Medicare salipira.

Manambala awa alembeni pa pepala n'kulimata pa furiji. Ya moto, apolisi ndi ambulansi ndi 000. Ya healthdirect ndi 1800 022 222: namwino amayankha usana ndi usiku, kwaulere, n'kukuuzani ngati vutolo lingadikire mawa kapena ayi. Mwana akamwa mankhwala a akuluakulu kapena sopo wochapira, imbani 13 11 26, ndipo musamusanzitse pokhapokha akuuzani kutero. Ambulansi ku Western Australia si yaulere: ulendo umodzi wadzidzidzi umapitirira madola 1,000 ndipo Medicare siilipira. Onani lero lomwe ngati inshuwalansi yanu ili ndi gawo limenelo. Koma munthu akamamva kupweteka pachifuwa, akakomoka, akamabanika, kapena pakamwa pakapotoka n'kumalephera kulankhula kapena kukweza dzanja, imbani 000 osawerenga ndalama. Ngongole imalipidwa pang'onopang'ono.

Panadol ndi makapisozi

Mankhwala ambiri a matenda ang'onoang'ono mumagula ku famasi popanda kalata, ndipo wa pafamasi ndi munthu wophunzira amene amalangiza osalipiritsa. Safunsa anadya phula: muuzeni mankhwala ena onse amene mukumwa, ndiponso ngati muli ndi pakati kapena mukuyamwitsa.

Panadol ndi yemwe uja timati Panado kwathu. Wamkulu amamwa mapiritsi awiri a 500 mg pakatha maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, osapitirira mapiritsi 8 pa maola 24. Kupyola apo kumaononga chiwindi mwakachetechete, munthu akuoneka bwinobwino. Msampha uli apa: mapiritsi ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol, mankhwala omwe ali mu Panadol, m'kati, ndiye amene akumwa onse awiri akumwa kawiri osadziwa. Werengani pa bokosi. Panadol wa ana amayezedwa potengera kulemera kwa mwanayo, ndi kachubu kamene kamabwera m'bokosimo, osati ndi supuni ya tiyi. Aspirin asapatsidwe mwana wosakwana zaka 16. Ibuprofen, amene kwathu timamudziwa kuti Brufen ndipo kuno amagulitsidwa kwambiri ngati Nurofen, amwedwe mutadya, ndipo wodwala impso, zilonda za m'mimba kapena woyembekezera afunse kaye.

Makapisozi opha mabakiteriya, monga amoxicillin, simungawagule popanda kalata ya dokotala. Ambiri amabwerako kwa GP atakwiya, amvekere dokotala wa kuno ndi waumbombo, wandiuza kuti ndikamwe madzi ndi kupumula basi. Nthawi zambiri dokotalayo amakhala akulondola. Chimfine ndi zilonda zapakhosi zambiri zimayamba ndi mavairasi, ndipo kapisozi sakhudza vairasi ngakhale pang'ono. Amangotsegula m'mimba ndi kulimbitsa mabakiteriya kuti tsiku limene mudzawafunedi adzalephere. Otsala amene munabwera nawo m'sutikesi apititseni ku famasi, amakawataya moyenera.

Dzinja la kuno ndi lozizira

Kwathu mvula imabwera ndi kutentha. Ku Perth imabwera ndi kuzizira, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, nyengo imene eni nthaka ino, a Noongar, amaitcha Makuru ndi Djilba. Mazenera amakhala otseka, anthu amapumirana m'basi ndi m'sitima, ndipo chimfine, fuluwenza, COVID-19 ndi RSV zimayenda nyumba ndi nyumba. Katemera wa fuluwenza amabayidwa chaka chilichonse, makamaka mu Epulo kapena Meyi, kwa GP kapena ku famasi. Kwa okhala ndi Medicare ndi waulere kwa ana a miyezi 6 mpaka osakwana zaka 5, amayi oyembekezera, a zaka 65 kupita m'tsogolo, ndi odwala matenda okhalitsa. Ogwira ntchito mwa okalamba asadikire kuti abwana achite kuwakumbutsa.

Chimfine wamba chimatha chokha m'sabata imodzi kapena masiku khumi, ngakhale chifuwa chimatsalira. Madzi ofunda a mandimu ndi uchi amafewetsa pakhosi, koma uchi usapatsidwe khanda losakwana chaka, ndipo mankhwala a chifuwa a m'botolo si a ana osakwana zaka 6. Khanda losakwana miyezi itatu likatentha thupi kufika madigiri 38, pitani nalo kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale likuyamwa bwino. Chimodzimodzi mwana amene nthiti zikulowa m'kati popuma, amene wafooka osafuna kudzuka, khosi lauma, kapena watuluka timadontho tofiira tosazimirira mukatidinikiza ndi tambula yagalasi. Fiona Stanley imalandira ana, ndipo chipatala chachikulu cha ana, Perth Children's Hospital, chili ku Nedlands. Chifuwa chopitirira masabata atatu, makamaka chokhala ndi thukuta la usiku ndi kuwonda, chikapimidwe TB. Ambiri a ife tinakumana nako kachilomboka tili ana ndipo kamatha kudzuka patapita zaka.

Nyumba zambiri za lendi kuno zimazizira kwambiri usiku, ndipo bilu ya magetsi imaluma. Apa m'pamene ena amaganiza zolowetsa mbaula kapena chowotchera nyama cha makala m'nyumba. Musayerekeze. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka, wosanunkha, ndipo nyumba za kuno zilibe mipata yotulukira utsi imene khitchini ya kumudzi ili nayo. Zimayamba ndi mutu, chizungulire ndi nseru kwa anthu onse m'nyumbamo nthawi imodzi, kenako tulo tosadzuka. Zikatero tulukani panja nonse, imbani 000. Tsegulaninso mazenera masana ngakhale kukuzizira, chifukwa chinyezi chimabala nkhungu yakuda pakhoma, ndipo nkhunguyo imadzutsa mphumu.

Kuyetsemula kwa mu Seputembala

Mvula ikatha, udzu umachita maluwa, makamaka wa ryegrass, ndipo mungu wake umadzaza mpweya mpaka Novembala. Maso amayabwa, mphuno imatuluka madzi, munthu amayetsemula motsatizana, koma thupi silitentha. Ambiri zimawayamba atakhala kuno zaka zingapo, ndiye amadabwa kuti chimfine chanji chosatha. Mapiritsi a antihistamine ndi mankhwala opopera m'mphuno a ku famasi amathandiza, makamaka mukayamba nyengoyi isanafike pachimake. Tsiku la mphepo musayanike zovala ndi zofunda panja.

Wodwala mphumu asamale kwambiri miyezi imeneyi, komanso masiku amene boma likutentha tchire n'kudzaza utsi mumzinda. Akabanika mukhazikeni tsonga, mupatseni mpope wa buluu uja kanayi, kamodzikamodzi, akupuma kanayi pa kupopa kulikonse kudzera m'kachitini kake. Dikirani mphindi zinayi, bwerezani. Ngati sizikusintha, imbani 000 ndipo pitirizani kupopa mpaka ambulansi ifike. Amene akugwiritsa ntchito mpope wa buluu kangapo pa sabata mphumu yake siili bwino, akaonane ndi GP kuti ampatse mpope woteteza.

Dzuwa: lochuluka panja, losowa m'thupi

Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, nthawi zina mpaka Malichi, kumatentha kwambiri, masiku ena kupitirira madigiri 40. Wa ku Nsanje kapena ku Tete anganene kuti ife dzuwa tinabadwira momwemo. Zoona, koma kutentha kwa kuno n'kouma: thukuta limauma lisanaoneke, ndiye munthu amatha madzi m'thupi osazindikira. Yang'anani mkodzo, ukada, mwachedwa kale kumwa. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa, ngakhale kakomedwe kake n'kosiyana ndi kwathu, poti ena amachokera pansi pa nthaka ndipo ena ndi a m'nyanja yamchere osefedwa ku Kwinana ndi ku Binningup. Osamwa ndi a pachitsime chothirira kapinga. Ntchito za panja zichitike m'mawa, kapena madzulo kakayamba kamphepo ka kunyanja kamene anthu a kuno amakatcha Fremantle Doctor. Agogo amene abwera kudzacheza amaopa kuyatsa choziziritsira m'nyumba poganizira bilu ya ana awo. Auzeni kuti ayatse.

Munthu akafooka ndi kutentha, mutu ukupweteka, akuchita nseru, mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mupukuteni ndi nsalu yonyowa, mumwetseni pang'onopang'ono. Akayamba kubwebweta, kudzandira kapena kukomoka, ndi nkhani ya 000, ndipo muthireni madzi ozizira thupi lonse podikirapo. Mwana asatsale m'galimoto ngakhale mphindi ziwiri zokagula mkaka; m'kati mumatentha mofulumira kuposa panja, ndiponso ndi mlandu.

Australia ili m'gulu la mayiko amene khansa ya pakhungu ndi yochuluka kwambiri. Khungu lakuda limateteza ndithu, koma osati kotheratu, ndipo maso alibe chitetezo chimenecho. Nambala ya UV imene mumaona pa zanyengo ikafika 3, a zaumoyo amalangiza chipewa, magalasi ndi mafuta oteteza kudzuwa. M'chilimwe imapitirira 11 pafupifupi tsiku lililonse. Kwa mwana wachialubino, kapena wa khungu loyererako, izi si zokambirana. Kwa ife akuda, banga lachilendo limakonda kubisala kuphazi, pachikhatho kapena pansi pa chikhadabo, ndipo likamakula kapena kusintha mtundu likaonetsedwe.

Chodabwitsa n'chakuti m'dziko la dzuwa lotereli ambiri a ife timasowa vitamini D. Thupi limapanga vitaminiyu dzuwa likamenya khungu, ndipo khungu lakuda limafuna nthawi yotalikirapo. Tsono taganizirani amene amagwira ntchito usiku, kugona masana makatani atatseka, n'kuyenda pa galimoto kuchoka pakhomo kukafika pakhomo. Zizindikiro zake n'zosalongosoka: kutopa, kuphwanya m'mafupa, kufooka kwa minofu; kwa ana, miyendo ya matewe. Kupima magazi kwa GP kumaonetsa, ndipo mapiritsi ake ndi otsika mtengo. Amayi oyembekezera ndi makanda oyamwa bere lokha ndiwo oyamba kufunsiridwa.

Pa za oyembekezera tiwonjezepo ichi. Chipatala chija chinatchedwa dzina la Pulofesa Fiona Stanley, amene pamodzi ndi Carol Bower anaonetsa mu 1989, konkuno ku Western Australia, kuti folate amateteza ana kubadwa ndi msana wotseguka. Kuyambira 2009 ufa wopangira buledi ku Australia umathiridwa folic acid mwalamulo. Koma ife chakudya chathu chenicheni ndi nsima, ndiye mayi amene akufuna kutenga pakati ayambe mapiritsi a folic acid mwezi umodzi asanaime, n'kupitiriza miyezi itatu yoyamba.

M'mimba

Kutsegula m'mimba ndi kusanza kumafala m'sukulu za mkaka, ndipo kukalowa m'nyumba kumazungulira onse. Chimene chimapha mwana ndi kutha madzi, monga tinaphunzirira ku sikelo. Thanzi ORS kuno mumupeza ndi mayina a Hydralyte kapena Gastrolyte. Ngati mulibe, sungunulani masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere m'lita imodzi ya madzi. Mwetsani pang'onopang'ono, pafupipafupi, ndipo bere lisasiyidwe. Zakumwa zotsekemera za m'botolo zimawonjezera kutsegulako. Mwana akasiya kunyowetsa thewera, maso akalowa, liwombo likalowa, kapena chimbudzi chikakhala ndi magazi, pitani naye. Ogwira ntchito ya zakudya, ya odwala kapena ya ana adikire maola 48 chisiyireni kutsegula asanabwerere kuntchito, ndipo manja asambidwe ndi sopo, chifukwa mankhwala opaka m'manja aja sagonjetsa bwino vairasi ya norovirus.

Pa maphwando athu a Khirisimasi ndi pa 6 Julayi timakonda kuyala miphika pa tebulo masana n'kumadya mpaka usiku. Lamulo la kuno n'losavuta: chakudya chophika chikakhala panja osakwana maola awiri chingabwerere mu furiji, pakati pa maola awiri ndi anayi chidyedwe pompo, kupitirira anayi chitayidwe. Mpunga ndi nkhuku ndiwo amavuta kwambiri. Furiji ikhale pa madigiri 5 kapena kutsika.

Pali ambiri amene anabwera ndi nthenda imene timangoti maalasa: kutentha pamtima, kupweteka chapamwamba pa mimba, n'kumakhalira kumwa mkaka ndi kusala tsabola zaka ndi zaka. Yankho la nthenda imeneyi linapezeka mumzinda uno. Madokotala awiri a pa Royal Perth Hospital, Robin Warren ndi Barry Marshall, anatulukira kuti zilonda zambiri za m'mimba zimayamba ndi bakiteriya wotchedwa Helicobacter pylori. Anzawo atakana kukhulupirira, mu 1984 Marshall anamwa dala mabakiteriyawo n'kudwala, ndipo mu 2005 awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Bakiteriyayu ndi wofala kwambiri mu Africa, ndipo ambiri timamutenga tili ana. GP angakupimeni ndi mpweya wopumira m'kathumba kapena ndi chimbudzi, ndipo mankhwala ake ndi a sabata imodzi kapena ziwiri. Apa ndiye pamene makapisozi amagwiradi ntchito. Chimbudzi chakuda bii kapena kusanza magazi si zodikira GP.

Kupsa

Phala la mwana, madzi a nsima, tiyi wa pa tebulo: ngozi zake n'zomwe zija. Chimene tiyenera kusiya ndi dzira, mafuta ophikira ndi mankhwala otsukira mano. Ikani malo opsawo pa madzi ozizira oyenda a pampopi kwa mphindi 20 zathunthu, poyang'ana wotchi, ndipo izi zimathandizabe ngakhale patapita maola atatu. Osaika ayisi. Vulani mphete ndi zovala zosamatirira, phimbani ndi pulasitiki yokulungira zakudya, ndipo thupi lotsalalo lifunditseni kuti mwana asazizidwe. Matuza asabooledwe. Bala lalikulu kuposa ndalama ya 20 cents, kapena la kumaso, m'manja ndi kumaliseche, likaonedwe tsiku lomwelo. Chipinda chachikulu cha akuluakulu opsa m'boma lonse la Western Australia chili pa Fiona Stanley pompano, ndipo dzina lodziwika kumeneko ndi la Pulofesa Fiona Wood, amene anathandiza opsa pa mabomba a ku Bali mu 2002 ndi njira yopopera maselo a khungu pabala.

Za m'tchire ndi m'madzi

Kum'mwera kwa Murdoch kuli madambo a Beeliar, kuphatikizapo North Lake ndi Bibra Lake, kumene mabanja amakonda kukapitidwa mphepo. Udzudzu wake ulibe malungo. Australia inalengezedwa kuti yathana nawo mu 1981. Umene ulipo umafalitsa vairasi ya Ross River ndi ya Barmah Forest, zimene zimatupitsa ndi kupweteketsa mfundo za m'manja, mawondo ndi akakolo, nthawi zina ndi totupa pakhungu ndi kutopa kwa masabata kapena miyezi. Katemera palibe, mankhwala ochiziratu palibe. Valani zazitali madzulo, pakani mafuta okhala ndi DEET kapena picaridin, ndipo sabata iliyonse khuthulani madzi a m'mbale za maluwa ndi m'zidebe za kuseri kwa nyumba.

Njoka ziwiri zoopsa za m'dera lino ndi dugite ndi tiger snake, ndipo zimatuluka kukayamba kufunda. Apa pafunika kuiwala zonse za kwathu: kutema mphini, kuyamwa bala, kumanga chingwe cholimba pamwamba, mwala wakuda. Ululu wa njoka za kuno umayenda m'thupi minofu ikamagwedezeka, ndiye wolumidwa agone pomwepo, asayende. Kulungani bandeji yotanuka molimba monga mumangira pobinya, kuyambira ku zala kukwera mwendo kapena mkono wonse, mangiriranipo ndodo kuti usapindike, imbani 000. Balalo musalitsuke, ndipo kawirikawiri silioneka n'komwe kapena kupweteka, choncho mwana akati njoka yandiluma mukhulupirireni. Njokayo isiyeni, ambiri amalumidwa poyesa kuipha, ndipo lamulo limaiteteza. Kangaude wakuda wa mzere wofiira kumsana, redback, amabisala pansi pa mipando ya panja ndi m'nsapato zosiyidwa pakhonde. Iye ndi wosiyana: osamanga bandeji, ikani chozizira, ndipo ululu ukakula kapena wolumidwa akakhala mwana, pitani kuchipatala.

Kadziwe kapulasitiki kosambiramo ana kakhuthulidwe tsiku lililonse. M'madzi ofunda osathiridwa mankhwala mumatha kukhala kachilombo kamene kakalowa m'mphuno kamakafika ku ubongo; sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika opulumuka ndi ochepa. Madzi a mupaipi yothirira imene yakhala padzuwa atayeni kaye mpaka azizire. Ku gombe la Coogee kapena Cottesloe sambirani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu basi. Wodziwa kusambira ku Salima asadzitame, nyanja iyi ili ndi madzi othamanga amene amakokera munthu kutali ndi gombe.

Ana a sukulu

Nsabwe za m'mutu zimayenda m'makalasi ndipo sizisankha nyumba yauve kapena yaukhondo. Pakani mafuta ofewetsera tsitsi, pesani ndi chipeso cha mano othinana, bwerezani pakapita masiku awiri aliwonse kwa masiku khumi. Palafini ndi mankhwala opopera mphemvu asayandikire mutu wa mwana.

Buku la kusikelo limene munabwera nalo musalitaye. Pitani nalo kwa GP kuti akatemera amene mwana analandira kale alembedwe mu Australian Immunisation Register, ndipo otsalawo amalizidwe. Kuyambira 2019, ku Western Australia mwana wosakwanitsa akatemera saloledwa kulembetsa ku malo osungira ana ndi ku kindergarten, kupatula pa zifukwa zochepa. Wobadwira kuno amapatsidwa buku lapepo, limene mumapita nalo kwa namwino wa ana kwaulere.

Matenda osalira

BP ndi shuga sizipweteka mpaka zitaononga. Kwathu munthu amayenda wapansi, kulima, kutunga madzi. Kuno ndi galimoto, mashifiti awiri, nyama yotchipa ndi zakumwa za m'mabotolo akuluakulu. Anthu ochokera ku Africa BP imatiyamba msanga ndipo mchere umatikhudza kwambiri. World Health Organization imati wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, supuni ya tiyi yosadzaza, ndipo wambiri umabisala m'timabulo tokometsera ndiwo, m'soseji ndi m'buledi. Nsima sitikuletsa, ndani angamve? Chepetsani mitanda, chulukitsani masamba ndi nyemba, ndipo mgaiwa ukapezeka m'sitolo za zakudya za ku Africa, tengani umenewo. Pimitsani BP chaka chilichonse, ngakhale ku famasi. Mankhwala ake sasiyidwa chifukwa mwapeza bwino kapena mwapemphereredwa, pempherani mukumwa.

Malawi ili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ochuluka kwambiri. Kuno mayi wa zaka 25 mpaka 74 amapimidwa kamodzi pa zaka zisanu, ndipo kuyambira 2022 angathe kutenga yekha zokapimidwazo ndi kathonje kuseri kwa katani, popanda dokotala kumuona. Amene manyazi ankamuletsa alibenso chifukwa. BreastScreen WA imajambula mabere kwaulere kuyambira zaka 40. Amene ali pa ma ARV asadumphitse poopa kudziwika: chinsinsi cha wodwala chimatetezedwa ndi lamulo, mankhwala alipo ngakhale kwa opanda Medicare, ndipo South Terrace Clinic ku Fremantle ndi amodzi mwa malo oyambira.

Palinso kudwala kwa maganizo. Perth ili patsogolo ndi maola 6, ndiye foni ya kumudzi imalira pakati pa usiku: maliro, fizi, feteleza. Munthu amagwira ntchito usiku, kuphunzira masana, osauza aliyense kuti zamukulira, poti kwathu akudziwa kuti ali kunja ndipo zake zinayera. Kusowa tulo, kusafuna chakudya, kukwiya msanga, kumwa mowa wekha, zikapitirira masabata awiri ndi nkhani yopita nayo kwa GP ngati nthenda ina iliyonse. Lifeline imayankha pa 13 11 14 nthawi iliyonse, ndipo Beyond Blue pa 1300 22 4636. Mnzanu akasowa kutchalitchi kapena kumzikiti masabata angapo, musangotumiza uthenga pa WhatsApp, pitani mukagogode.

Ulendo wa kumudzi

Ngozi yaikulu ya malungo kwa ife ili pa tchuthi. Mphamvu yolimbana nawo imene thupi linapeza polumidwa chaka ndi chaka imachepa munthu akakhala kunja, ndipo ana obadwira ku Perth alibe n'komwe. Pitani kwa GP masabata 6 ulendo usanafike kuti akulembereni mapiritsi oteteza, ndi kuona akatemera a chikuku, taifodi ndi chiwindi. Imwani mapiritsiwo mpaka kumapeto monga mwauzidwira, ngakhale mutabwerako, ndipo gonani m'neti ngakhale abale akusekeni kuti mwasanduka azungu. Madzi akumwa akhale owiritsa kapena othira WaterGuard. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi.

Mukabwerako, thupi likatentha m'masabata kapena miyezi yotsatira, musayesere LA wotsala ndipo musadikire. Pitani tsiku lomwelo, ndipo mawu oyamba kwa namwino akhale akuti mwachokera ku Malawi, ku Zambia kapena ku Mozambique ndipo mukufuna kupimidwa malungo, chifukwa dokotala wa kuno saganizira msanga nthenda imene saiona kawirikawiri. Amene anasamba m'nyanja ku Mangochi, ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay akapimitse likodzo pakatha miyezi iwiri kapena itatu, ngakhale mkodzo ulibe magazi; mankhwala a praziquantel amachiza.

Mankhwala a kuchipatala amene mwatenga kumudzi akhale m'mabokosi ake, ndi kalata ya dokotala, osapitirira a miyezi itatu. Mizu, makungwa ndi zitsamba zimene azakhali akulongedzerani, pamodzi ndi usipa, nyemba ndi chinangwa, zilembeni pa khadi limene mumapatsidwa m'ndege. Cholembedwa amangochiona, n'kuchilola kapena kuchitaya. Chobisidwa chimabweretsa chindapusa chachikulu ndipo chingathetse viza. Zitsamba zikaloledwa kulowa, uzani GP kapena wa pafamasi musanazisakanize ndi mapiritsi a BP, a shuga kapena ma ARV.